Anati Ndi Chimfine, Ine Ndikuona Mwamuna Wanga Akutha

Moni nonse amene mukuwerenga, a mpingo wanga ndi a mipingo ina, ngakhalenso inu amene tchalitchi mumangochiona podutsa. Mtendere wa Ambuye ukhale m'nyumba zanu. Ine ndine Nankhoma, ambiri amanditchula kuti mayi a Tadala. Kwathu ndi ku Kasinje, kuchigwa kolima mpunga, koma ndinatengedwa kubwera kumapiri kuno ku Biriwiri, kumudzi kwa amuna anga, ndipo ndakhala kuno mpaka imvi zayamba kutuluka. Ndikufuna kuchitira umboni momwe Mulungu anandibwezera mwamuna wanga m'chaka chachiwiri cha mliri wa korona, pamene mbale wake weniweni anali atagamula kuti afere pamphasa chifukwa akuti chinali chimfine chabe. Ndineneretu kuti umboni uwu si wa mayi wofatsa. Ndinakwiya koopsa, ndipo sindibisa.

Kuno chimfine si chachilendo. Ikangofika Juni, nkhungu n'kukuta mapiri, mudzi wonse umatsokomola, moti kutchalitchi mlaliki amachita kupikisana ndi zifuwa. Chimfine timachidziwa mayendedwe ake. Munthu amayetsemula, mamina ali chuchuchu, mutu ukuwawa, thupi lonse laphwanya. Amagona masiku ochepa, timamufukiza ndi masamba a bulugamu, kumumwetsa madzi otentha a mandimu, kenako umangoona watenga ndowa akutsikira kudimba. Amuna anga, bambo a Tadala, chimawagwira chaka ndi chaka, ndipo chikawagwira amavuta kuposa mwana. Ndiwo zachepa mchere, bulangeti likununkha utsi, tiyi wazizira, zonsezo wolakwa ndimakhala ine. Choncho chimfine cha bambo amenewa palibe angandiphunzitse.

Chaka chimenecho apongozi anga aamuna, mdala wa khola lake la ng'ombe, anadwala chifuwa. Masiku amenewo munthu akamwalira ndi korona ankaikidwa ndi azaumoyo ovala zoyera thupi lonse, mtembo utakulungidwa m'pulasitiki, abale ataima patali. Panalibe kuona nkhope, panalibe kugona pasiwa. Kwa Angoni a kuno zimenezo zinkaopsa kuposa imfa yeniyeniyo, chifukwa mwamuna wamkulu amaperekezedwa ndi gule wa ngoma, amuna anzake atanyamula zishango, fumbi lili koboo. Alamu anga aakulu, a Fulakisoni, ndiwo oyamba kubadwa m'banjamo, ndiye mawu otsiriza amakhala awo. Iwo analetsa kuti mdalayo apite kuchipatala, ndipo atamwalira analengeza kuti chawatenga ndi chimfine cha Juni. Maliro anayenda athunthu. Amayi tinathithikana m'siwa mazenera ali otseka chifukwa cha chisanu, panja amuna akulandirana chipanda chimodzi cha masese. Chimene chinapha apongozi sindingalumbire, poti sanayezedwe. Chomwe ndikudziwa n'chakuti amene ankawatembenuza pamphasa ndi kuwamwetsa phala anali amuna anga.

Maliro atatha, nyumba zingapo pamudzi zinayamba kutsokomola. Ambiri anagona pang'ono n'kudzuka, ndipo zimenezo zinawalimbitsa mtima alamu anga, ankayenda akunena kuti korona ndi nthenda ya pawailesi. Bambo a Tadala nawonso anayamba kutentha thupi. Nanenso poyamba ndinati ndi chimfine, chifukwa chiyambi chake chinali chomwecho, mutu ndi kuphwanya thupi. Koma ndinadikira kuyetsemula, osabwera. Mamina analibe, chifuwa chinali chouma, chongotsokomola popanda chotuluka. China, munthu wanga anasiya kudandaula. Tsiku lina nyemba zinandipserera ndili kudimba, iwo anadya pang'ono osanena kanthu.

Chimene chinanditsegula maso ndi tsiku lomwe ndinawafukiza. Ndinadzaza mphika ndi bulugamu, ndinawafunditsa bulangeti, ine amene ndinali kunja misozi ikutuluka ndi ukali wa nthunziyo. Ndinangomva mawu kuchokera m'bulangetimo: "Mayi a Tadala, kodi masamba aja mwaiwala kuikamo?" Mphuno zawo zinali zotseguka bwinobwino, koma fungo sankalimva. Za chizindikiro chimenechi ndinali nditamvapo pawailesi.

Kenako anachita ngati akupeza bwino. Anatuluka kukaothera dzuwa, ndipo a Fulakisoni podutsa anati, "Mwaona? Chatha." Chimfine chikafika pamenepo chimakhaladi chatha. Ichi chinali chitangopuma. Sabata yachiwiri mpweya unayamba kuperewera. Kuchoka pakhonde kupita kuchimbudzi ankakhala pansi panjira, ali wefuwefu ngati akwera phiri atasenza thumba la mbatata ya kachewere. Mawu ankawadula pakati kuti apume, ndipo milomo inayamba kuda. Mwamuna amene ankavina ngoma tsiku lonse osapempha madzi ankalephera kumaliza dzina langa.

Mwina inu a m'tauni mukufunsa kuti bwanji sindinangowatenga. Kuno mtengwa sanyamula mwana wa eni kupita naye kutali eni akewo asanavomere. Ukatero, iye n'kukafera m'manja mwako, mlandu wake sungauthe. Choncho ndinamanga chitenje bwinobwino, ndinapita kwa alamu, ndinagwada chapatali monga mwa ulemu wathu. Ndinawapeza akukonza goli la ngolo.

"Alamu, ang'ono anu aja zinthu sizili bwino. Ichi si chimfine. Tiloleni tipite nawo kuchipatala."

Sanatukule n'komwe mutu. "Udokotala mwauyamba liti, alamu? Kwanu kotentha kuja mumadziwa malungo basi. Chimfine cha kumapiri chimatero. Kawonjezereni bulugamu."

Ndinawafotokozera za fungo, za mpweya, za milomo. Apo m'pamene anaika goli pansi n'kundiyang'ana.

"Mukufuna akamulembe korona eti? Akakatsirizikira kumeneko adzatibweretsera ali m'thumba ngati feteleza, ife osamuona nkhope. Mwana wa bambo anga saikidwa choncho. Ngati n'kufa, afere pompano, timuike ngati munthu."

Abale anga, mawu amenewo mpaka lero amandiotcha. Ine ndinapita kukapempha moyo, munthu n'kumandiuza za kaikidwe. Mwamuna wanga anali akupumabe kuseri kwa mpanda, koma m'mutu mwa mkulu wake maliro anali atakonzedwa kale, ndi ng'ombe yoti iphedwe yomwe. Ndinazindikiranso china. Mng'ono wawo akanapezeka ndi korona, anthu akanayamba kufunsa za maliro a mdala aja, ndi za amene anatithithika m'siwa. Ndiye a Fulakisoni ankateteza ulemu wawo ndi mapapo a mwamuna wanga. Ndinadzuka osatsanzika, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo chibwerere pamudzi uno.

Ndinayesa kwina konse. Akabaza a njinga zamoto akangomva kuti wodwala ndi wachifuwa, komanso kuti a Fulakisoni akana, ankaliza njinga n'kumapita. Amayi anzanga ankandinong'oneza kuchitsime kuti ndikunena zoona, koma pamaso pa alamu onse anali duu. Mwana wathu Tadala ali kubanja ku Blantyre, ndipo nthawiyo anali woyembekezera, wotopa kale. Atawaimbira foni bambo ake aakuluwo, anamuuza kuti mayi ako akukuza nkhani. Akulu a mpingo anabwera, anapemphera ataima pabwalo, n'kunena kuti za banja la eni sangalowerere. Ngakhale wodwalawo, nditawadandaulira tili awiri, anangoti, "Akulu... anena." Anakula akumvera akulu awowo, ndipo ngakhale mpweya unkawathera sankadziwa poyambira kuwatsutsa. Ndinasowa mtengo wogwira.

M'mawa wina ndinawasiya atatsamira khoma, poti kugona chagada sankathanso, ine n'kutsikira kudimba. Sindinapite kukathirira. Ndinagwada pakati pa mizere ya kabichi n'kulira mokweza ngati pamaliro. Ndinapemphera mapemphero awiri, ndipo onse ndiwanena. Loyamba ndinati, Ambuye, ine ndine mlendo pamudzi uno, mawu anga salemera, nditumizireni munthu amene saopa Fulakisoni. Lachiwiri ndinati, chifuwa chimenechi muchichotse mwa mwamuna wanga mukachiike mwa mkulu wakeyo. Nayenso akhale pansi panjira ya kuchimbudzi. Nayenso afune mpweya ausowe, ine ndidzamuwiritsire bulugamu ndi manja angawa, ndidzamuuze kuti chimfine cha kumapiri chimatero. Dzina lake ndinalitchula popanda ulemu, ndipo pemphero lachiwirili ndi limene linatuluka ndi mphamvu zambiri. Amene simunaonepo munthu wanu akumira ali pamtunda, mukhoza kundiweruza mmene mungafunire.

Ndisanapukute misozi ndinamva hutala ya lole kumtunda. Anali Abiti Saidi, mayi wachisilamu amene ali ndi golosale pamsewu waukulu, ndipo amagula kachewere ndi kabichi m'madimba mwathu. Ine ndi mayi ameneyu sitinkamwerana madzi kwenikweni. Chaka chilichonse tinkakangana chifukwa cha ndowa yake yoyezera, imene ine ndinkati ilibe pansi, ndipo iye ankanditcha mayi wa pakamwa. Wina akanandifunsa kuti Mulungu akutumizira ndani, dzina lake silikanabwera n'komwe m'mutu mwanga. Anabwera kudzatenga kachewere yemwe tinagwirizana, ndipo nditakwera kunyumba ndinamuuza kuti sitinakumbe, bambo akudwala.

Anakweza kansalu kophimba pakamwa n'kupita kukawalonjera ataima pakhomo. Moni sanamalize. Anamvetsera kapumidwe kaja, n'kutembenukira kwa ine.

"Achemwali, munthuyu mukumusungira chiyani pano? Kapumidwe aka ndikukadziwa. Achimwene anga anapuma chonchi kumayambiriro kwa chaka, ife tikuti ndi chimfine. Tinachedwa nawo. Tengani bulangeti, kumbuyo kwa lole kuli malo."

Ndinamuuza za alamu. Anangoti, "Aitaneni." Sitinachite kuwaitana, poti kulira kwa lole anali atakumva kale. Anafika ndi ndodo yawo, anthu akutsatira pambuyo, n'kuima kutsogolo kwa galimoto.

"Mayi, inu mwabwerera mbatata. Za pamudzi pano zili ndi eni ake."

"Zoona, achimwene," anatero Abiti Saidi. "Ine mwambo wanu sindiudziwa, ndipo sindikuunyoza. Nafenso kwathu timafuna kusambitsa munthu wathu ndi manja athu. Achimwene anga sitinawasambitse, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Koma uyu sanafe. Mwini thupi mwamufunsa?"

Masiku onsewo panalibe amene anali atawafunsa bambo a Tadala pamaso pa anthu chimene iwo ankafuna. Ndinalowa, ndinawagwira m'khwapa, ndipo mothandizana ndi dalaivala wa lole tinawafikitsa pakhomo. Anayang'ana akulu awo nthawi yaitali, chifuwa chikukwera n'kutsika. Ine ndinkadziwa kuti akanatinso akulu anena, ndiye kuti zonse zathera pomwepo. Kenako anagwira chitenje changa n'kulankhula, liwu lililonse ndi mpweya wake: "Achimwene... ndipite."

A Fulakisoni anachoka kutsogolo kwa lole, koma anandiloza ndi ndodo. "Iwe Nankhoma, wamutenga wekha. Akakafera kumeneko ukamuike wekha ndi anthu ako ovala zoyerawo, ndipo pano usadzapondenso." Ndinawayankha kuti ndamva. Tinawakhazika bambo pa matumba opanda kanthu, ine nditawachirikiza kumsana, mphepo ya Julaye ikutimenya. Pa dzenje lililonse la mumsewu ndinkaika khutu pamsana pawo kuti ndimve ngati akupumabe, ndipo ndinatero mpaka tinafika paboma.

Kuchipatala anawapana chala ndi kachipangizo kakang'ono, ndipo namwino atangokayang'ana sanatifunsenso zambiri, anathamangira njinga ya odwala. Anawalowetsa kumalo a odwala korona n'kuwaika pa mpweya wa okosijeni. Anatiyeza tonse awiri m'mphuno, ndipo tonse anatipeza nayo. Ine ndinadabwa, chifukwa chimene ndinkamva ndi kukanda kwa pakhosi basi. Dokotala wina anandifotokozera ataima patali. Anati poyamba matenda awiriwa amafanana kwambiri, moti ngakhale iwo sangawasiyanitse ndi maso, n'chifukwa chake amayeza. Anati chimfine nachonso chimatha kupha, makamaka okalamba, koma korona imafala munthu asanadziwe kuti akudwala, ndipo wina imangomukanda ngati ine, wina n'kumutembenukira sabata yachiwiri n'kumugwira mapapo. Nditamufunsa ngati tachedwa, anati, "Mayi, mukanakhala nawobe kunyumba, bwenzi tikunena zina. Koma sindikulonjezani kanthu. Pempherani."

Anandiuza kuti ndikadzipatule kunyumba, koma nyumba ndinalibe. Abiti Saidi, amene anali akudikirabe panja, anandipatsa kachipinda kosungiramo matumba kuseri kwa golosale yake. Chakudya ankandisiyira pakhomo n'kugogoda. Mayi amene ndinkamunena m'madimba monse ankandidzazira mbale mpaka kutayikira, ndipo sanandikumbutsepo ngakhale tsiku limodzi za pakamwa panga.

Nkhani za kumudzi zinkandipeza momwemo kudzera mwa ogulitsa kabichi. Akuti a Fulakisoni ankauza anthu kuti mkazi wa kuchigwa wakapereka mng'ono wawo kuti akaphedwe ndi mpweya wa m'mabotolo. Akuti anatulutsa katundu wanga yense, miphika, mtondo, thumba la mpunga wochokera kwathu, ndi sutikesi ya zovala, n'kuunjika pansi pa nkhokwe, pachitseko n'kuikapo loko watsopano. Nditamva ndinaseka kuseka koipa. Ndinapangana ndi Tadala kuti kumudzi kusapite uthenga uliwonse, wabwino kapena woipa. Alamu ankaimba foni, ine n'kumangoiyang'ana ikulira. Ndinati anakana kumva pamene ndinkawauza nditagwada, tsopano akhale osadziwa, adye nkhawa m'mawa ndi masana monga ndinadyera ine.

Masiku ena anali oipa. Tsiku lina namwino anandiuza pafoni kuti mpweya awonjezera koma thupi silikulandira bwino. Ndinaswera nditatsamira matumba, pemphero litandithera, ndikungoti Yesu, Yesu. Ndinkaganiza za pulasitiki ija, za ndodo imene inandiloza, ndi za mawu amene ndikanamuuza Tadala. Ndinkadzifunsa ngati ndawatengera kutali kuti akafe okha pakati pa anthu osawadziwa, ndipo ganizo loti alamu adzanena kuti ndinanena ine linkandiwawa ngati imfayo. Abiti Saidi anandiuza ali kuseri kwa chitseko kuti nayenso akuwatchula bambo a Tadala m'mapemphero ake.

Ndiye tsiku lina masana foni inalira. Nambala inali ya namwino, koma mawu anali ena, ofooka ndi osasa. "Mayi a Tadala, kuno kukununkha mankhwala, munthu sungagone. Mubwera liti?" Ndinakuwa mpaka ogula m'golosale anathamangira panja. Munthu wanga anali atayambanso kumva fungo, atayambanso kudandaula, ndipo ananena zonsezo osaima pakati kuti apume.

Atawatulutsa, nanenso masiku anga odzipatula atatha, lole yomwe ija inatikweza kupita kumudzi. Sitinatumize mawu. Tinafika dzuwa lili paliwombo, ndipo ndinapempha dalaivala kuti alize hutala kuyambira kumsewu. Anthu anatuluka akuyembekezera bokosi. Anaona bambo a Tadala akutsika okha, ataonda, thalauza atamangira chingwe, koma akuponda ndi mapazi awo. Amayi ena anayamba nthungululu, ena kulira. A Fulakisoni anafika pambuyo nkhope itagwa, ndipo mawu amene anapeza anali akuti, "Tayamika, chimfine chija chakusiya."

Amuna anga anayang'ana loko pachitseko, anayang'ana katundu wanga pansi pa nkhokwe, sutikesi ili zitosi zokhazokha, thumba la mpunga makoswe ataliboola. Anakhala pakhonde kuti apume, ndipo aliyense anadikira.

"Achimwene, ndakumverani moyo wanga wonse, ndipo ndikanakumveraninso ulendo uno bwenzi mutandivinira kale ngoma. Inali korona, anandiyeza. Tsono mumve pamaso pa anthuwa. Ine ndikadzadwalanso, wonena kopita nane ndi mayi awa, osati wina. Ndipo katundu uyu, amene anamutulutsa ndi amene amulowetse."

Ena anathamangira kuti anyamule m'malo mwawo, poti n'zosamveka kuti bambo wamkulu asenze miphika ya mlamu wake. Ine ndinati ayi, eni nyumba anena. Ndinayala chitenje pakhonde n'kukhala nditatambasula miyendo. A Fulakisoni anatulutsa kiyi m'thumba, anatsegula, n'kuyamba kututa. Mphika uliwonse ndinkawauza pokhala pake. Mtondo atauika pabalaza ndinati umakhala kuseri, ndipo anaunyamulanso thukuta lili kamukamu, mudzi wonse ukuonerera. Ndingakhale wabodza nditati sizinandikomere. Zinandikomera kwambiri, ndipo sindinawanyamulire ngakhale chipande.

Pemphero langa lachiwiri lija Mulungu sanaliyankhe monga ndinafunira. A Fulakisoni sanadwale ngakhale mutu, ali bwinobwino, ndipo mpaka lero pakamwa pawo sipanatuluke pepani. Ndimawapatsa moni, ndimawagwadira monga mwa mwambo, koma mtima wanga pa iwo sunabwerere m'malo, ndipo abusa akamalalikira za kukhululuka ndimayang'ana pansi. Nkhani imeneyo ndaisiya m'manja mwa Mwini wake. Chimene Iye anandipatsa n'chakuti m'mawa uliwonse alamu anga amaona munthu amene anamukonzera maliro akudutsa pakhomo pawo, khasu lili paphewa, ndipo amayenera kumuyankha moni.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva mtengwa akulira. Ndikuthokoza Abiti Saidi, amene anaika moyo wake pachiswe chifukwa cha anthu omwe si a mtundu wake kapena a chipembedzo chake. Ndikuthokozanso anamwino ndi madokotala aja, amene nkhope zawo sindinazione chifukwa cha zophimba, koma manja awo anagwira mwamuna wanga pamene ine sindinkaloledwa kumugwira.

Inu amene muli ndi wodwala m'nyumba, musalole kuti munthu woima panja akuuzeni dzina la nthenda. Chimfine ndi korona zimayamba mofanana, ndipo maso sayeza. Mukaona mpweya ukuperewera, nyamulani munthu wanu, wokwiya akwiye. Ndipo inu amene mwagogoda paliponse osakutsegulirani, musaleke kupemphera, ngakhale pemphero lanu litatuluka ndi ukali ngati langa. Limbani mtima, Iye amadziwa kusankha loyenera kuyankha.

Pamene ndikulemba izi, bambo a Tadala ali kudimba. Mapapo awo sanabwererenso mwakale, ndipo pokwera chitunda chobwerera kunyumba amaima kuti apume, n'kuimanso. Ine ndimakhala pakhonde n'kumawayang'ana, sindiwafulumiza. Amachedwa, koma amafika. Ambuye alemekezeke.